LUSO LA MANJA: JAMBULANI PHIRI LA KWANU

Sabata ino tikambe ndi achinyamata athu amene ayamba kujambula zithunzi ndi utoto wa mafuta. Luso alinalo ndithu, koma chodandaulitsa n'chakuti ambiri akungokopera mapiri a pa kalendala, a nsonga zoyera ndi chipale chofewa chimene sanachionepo chibadwire. Chonsecho Domwe, phiri lotalika mamita oposa 2,000, lili pakhomo pomwepa, ndipo tsidya la malire kuli la Dedza.

Katswiri wina wa ku France, Paul Cézanne, amene anamwalira mu 1906, anajambula phiri limodzi lokha la kwawo, Sainte-Victoire, koposa ka 30. Sanatope nalo chifukwa tsiku lililonse limaoneka mwina. Domwe nalonso n'chimodzimodzi. M'mwezi wa Juni limafunda nkhungu, mu Okutobala limatuwa ndi utsi wa lupsa, mvula ikagwa limabiriwira. Choncho musanagwire bulashi dzifunseni kuti, kodi ndikufuna woona chithunzichi amve chiyani, chisanu, mantha kapena kupukwa kumudzi? Yankho lake ndilo lisankhe mitundu ya utoto.

Zipangizo sizifuna chuma chambiri. Mitundu isanu ikwanira: woyera, wa buluu, wachikasu, wofiira ndi wa khofi. Pezani thabwa losalala kapena nsalu yolimba yokokedwa pa felemu, muipake kaye utoto woyera wapansi ndi kuisiya iume, apo ayi mafuta adzalowa m'nsalumo n'kuifumbutsa.

Poyamba tsinzinani pang'ono mukuyang'ana phirilo. Mitengo ndi miyala zizimirira, mutsala ndi zigawo zikuluzikulu zitatu kapena zinayi: thambo, phiri, mthunzi wake ndi minda ya m'munsi. Pakani zimenezi ndi bulashi yaikulu, utoto wake wosungunula ndi tapentaini kuti ukhale wopyapyala. Yambani ndi malo akuda, owala abwere pambuyo. Utoto wochindikala, wa mafuta ambiri, ukhale pamwamba. Mukasemphanitsa, wapamwamba udzauma msanga kuposa wapansi ndipo chithunzi chidzang'aluka ngati dambo la m'chilimwe.

Kumbukiraninso kuti phiri lakutali limaoneka lotuwa, lopita ku buluu, chifukwa cha mpweya ndi fumbi zimene zili pakati pa inu ndi ilo. Zapafupi ndizo zikhale ndi mitundu yamphamvu. Dzuwa liwale kuchokera mbali imodzi yokha, ndipo bulashi iziyenda motsata kutsetsereka kwa phiri. Pa matanthwe ikani utoto ndi kampeni kosathwa. Musawerenge masamba a mtengo uliwonse, imeneyo ndi ntchito ya kamera.

Machenjezo atatu. Mafuta ophikira sauma, musawasakanize ndi utoto. Ofunika ndi a linsidi. Tapentaini amapweteka mutu, choncho gwirirani ntchito pakhonde, kutali ndi ana. Sanza zonyowa ndi mafuta a linsidi mukaziunjika pamodzi zimatha kutentha n'kuyaka zokha. M'nyumba yaudzu imeneyi ndi ngozi yaikulu. Ziyanikeni panja kapena muziviike m'chitini cha madzi.

Utoto umenewu umatenga masiku angapo kuti uume pamwamba, ndi miyezi kuti uumiretu. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kujambula si kwachilendo kuno. Pa matanthwe a Chongoni, ku Dedza, makolo anasiya zithunzi za utoto wofiira ndi woyera, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Iwo anajambula za kwawo. Lero mapiri athu akumetedwa mpala ndi nkhwangwa za makala ndiponso moto. Ngati mibawa ndi misuku itatha, adzukulu adzadziwira pati mmene phiri lawo linalili, inu mutataya utoto pa chipale cha eni?

Tidzachezanso sabata yamawa.