Mlimi wa Fodya Asakhale Mtengamakalata wa Maofesi

Belo limodzi la fodya lochokera m'zigafa za ku Kasungu limadutsa m'manja ambiri ndalama isanafike kwa mwini wake. Bungwe la Tobacco Commission limalembetsa mlimi ndi kumupatsa mlingo wa fodya woti alime. Kampani yogula, monga Limbe Leaf, Alliance One kapena JTI, imamukongoza feteleza ndi mbewu ngati ali pa mgwirizano. Wagalimoto amanyamula belolo kupita nalo ku msika wa Chinkhoma, ndipo likagulidwa banki ndiyo imalipira zotsala atachotsa ngongole, msonkho ndi zolipira zina. Aliyense mwa awa ali ndi kaundula wakewake. Maganizo anga ndi akuti chimene chikusowa pa ntchitoyi ndi pulani yolumikiza makaundulawa, chifukwa akapanda kulankhulana, amene amayenda ndi mapepala kuchoka ofesi ino kupita ofesi iyo ndi mlimi.

Akatswiri a makompyuta ali ndi mawu awiri a nkhaniyi. Oyamba ndi enterprise architecture, kutanthauza pulani ya bungwe lonse yosonyeza ntchito zake, uthenga umene ntchito iliyonse imafuna, ndi amene amausunga. Achiwiri ndi service-oriented architecture, kutanthauza kuti gawo lililonse ligwire ntchito imodzi bwino, ndipo ena akafuna yankho azilifunsa kudzera pa khomo lodziwika, m'chilankhulo chimene onse anagwirizana. Mmisiri wanzeru amayamba wajambula nyumba asanagule njerwa. Mabungwe ambiri amayamba ndi kugula makina, pulani n'kumaifuna pambuyo.

Poyamba, njirayi ndi yotheka kuno kwathu, pakuti zitsanzo zilipo kale. M'chaka cha 2015 mabanki analumikizidwa kudzera mu National Switch, kotero kuti khadi ya banki ina imatulutsa ndalama pa makina a banki inzake, chikhalirecho banki iliyonse ikusunga yokha mabuku ake. M'chaka cha 2017 bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika. Choncho funso lakuti "munthu uyu ndi ndani?" lili kale ndi mwini wake woliyankha. Palibe chifukwa choti ofesi iliyonse ya fodya izilemba dzina la mlimi mwa njira yakeyake, kwina Phiri ndi dzina loyamba, kwina lomaliza, mpaka ndalama kuima chifukwa mayina sakufanana.

Chachiwiri, ulimi wa fodya unasintha maonekedwe. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha. Mu 2012 boma linavomereza ulimi wa mgwirizano wotchedwa IPS, ndipo fodya wochuluka anayamba kugulitsidwa mwa njirayi m'malo mwa okushoni. Izi zinachulukitsa alimi, ngongole ndi mapepala. Kampani imafuna kudziwa ngati mlimi alibe mgwirizano ndi kampani ina. Mlimi naye amafuna kudziwa kuti belo lake lili pati, lagulidwa pa mtengo wanji, ndipo amudula zingati. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Belo limene mwini sakudziwa pamene lili ndi fodya wapachala, ndipo n'chifukwa chake ena amagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira kuti angogwira ndalama m'manja.

Ena anganene kuti yankho lachidule ndi kumanga makina amodzi aakulu osunga zonse. Ine sindikugwirizana nazo. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko atasokonezeka, ndipo panalibe khomo lina lopitako. Makina amodzi akagwa pa nthawi ya msika, alimi onse agwa nawo. Komanso amene wasunga zonse amakhala ndi mphamvu zonse. Wogula fodya sayenera kuona zimene zili mu akaunti ya mlimi. Chomwe akufunika ndi yankho lakuti inde kapena ayi pa funso limene lamulo lamulola kufunsa. Dziko la Estonia linatsata njira yotereyi kuyambira 2001 ndi X-Road: ofesi iliyonse imasunga zake, koma zimafunsana.

Ena anganenenso kuti netiweki kumudzi ndi yovuta. Izi n'zoona, ndipo pulani yabwino iyenera kuyambira pomwepo. Khomo la mlimi likhale uthenga wa pa foni wamba, wa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, monga momwe anthu amagwiritsira ntchito Airtel Money ndi Mpamba, ndipo lisiti ya pepala isathetsedwe.

Pomaliza, ndikupempha Tobacco Commission kuti iitane ogula, a misika, mabanki ndi mabungwe a alimi monga TAMA Farmers Trust, ajambule limodzi ulendo wa belo kuchokera pa jeke mpaka ku banki, ndipo agwirizane kuti funso lililonse aziyankha ndani. Ife ophunzira zilankhulo tili ndi gawo lathu: mawu a mauthengawo akhale oti mlimi awamve popanda womasulira. Pulaniyo idzayesedwe ndi muyeso umodzi, wakuti mlimi wayenda maulendo angati asanalandire ndalama yake.