ZA UMOYO M'BANJA: Sikelo Ikacedwa Kutsika

Ambiri muno mu Lusaka amayamba kucepetsa thupi ndi cangu, koma pakapita milungu itatu sikelo isanasunthe, amataya mtima nabwerera ku zakale. Ena amathamangira mapilisi ogulitsidwa m'misewu ya m'tauni, amene angathe kuwononga thupi. Tisapupulume.

Madokotala amati kutsika koyenera ndi theka la kilo kufikira kilo 1 pa mlungu. Mafuta amene anaunjikana kwa zaka zambiri sangathe pa mwezi umodzi. Ndiponso sikelo imapima zonse pamodzi: mafuta, madzi ndi minofu. Mcere wocuruka umasunga madzi m'thupi, kotero munthu angalemereko lero kuposa dzulo, ngakhale mafuta ali kucepa. Nkwabwino kudzipima kamodzi pa mlungu, m'mamawa, ndi kupimanso ciuno ndi tepi ya telala.

Bungwe la World Health Organization limalangiza akulu kulimbitsa thupi mphindi zosacepera 150 pa mlungu, ndiko kuti mphindi 30 kwa masiku 5. A ku Kabwata angathe kupita m'tauni wapansi. A ku Chelstone atsike basi asanafike kwawo. A ku Woodlands ndi Kabulonga asiye galimoto popita pafupi. Cepetsani nsima, shuga ndi saladi. Onjezani nyemba ndi cibwabwa.

Munthu wa makilo 90 akacotsapo 5 okha, kawirikawiri BP ndi shuga wa m'magazi zimayamba kutsika. Odwala mtima kapena shuga ayambe afunsa ku cipatala. Paja akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.