Baby shower kunchito: mphatso zilipo, nanga malipiro a pa chuthi?

Masiku ano mu Kitwe ndi mu Ndola si cacilendo kupeza ofesi itakongoletsedwa ndi mabaluni Lacisanu masana, makompyuta atazimitsidwa, keke ili pa tebulo, ndipo mai woyembekezera atakhazikidwa pa mpando pakati pa anzake. Anzake a kunchito amakhala atasonkha ndalama, ndipo mmodzi wa iwo amathamangira ku msika wa Chisokone kapena ku Mukuba Mall kukagula beseni, matewera, sopo, mafuta odzola, bulangete ndi tizovala ta mwana. Phwando limeneli amalichula m'Cingerezi kuti baby shower, ndipo limacitika pamene maiyo ali pafupi kuyamba chuthi ca ucembere.

Palibe munthu wanzeru amene angadane ndi cikondi cotere. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma pali funso limene silifunsidwa pa maphwando amenewa, cifukwa aliyense amaopa kuononga cisangalalo. Funso lake ndi ili: mabaluni akaphwa ndipo matewera akatha, kodi mai uyu adzalandira malipiro ake miyezi imene adzakhala kunyumba? Nanga akadzabwerako, nchito yake adzaipeza? Kwa azimai ambiri a kuno kumigodi yankho lake silokondweretsa.

Tisanafike pa za lamulo, tiyambe taona kumene cizolowezici cacokera. Baby shower si mwambo wa makolo athu. Inachuka ku America itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo kuno yafika m'njira imene inafikira kitchen party. Kwathu kum'mawa mimba sinali nkhani yolengeza. Mtsikana akakhala ndi pathupi poyamba, azimai acikulire anali kumcitira cisamba, kumlangiza za kadyedwe, za kudzisunga ndi za tsiku lobereka. Mwana akabadwa anali kukhala m'cikuta ndi amake mpaka mcombo utagwa, ndipo mphatso zinali kubwera pambuyo pake, anthu ataona mwanayo ndi maso. Mpaka lero alipo apongozi ambiri amene sakondwa kuona zovala za mwana wosabadwa zikuonetsedwa pagulu. Ena amati ndi zamalodza, koma kumbuyo kwa mantha awo kuli cinthu cimene anaciona okha: si mimba iriyonse imene imathera m'cimwemwe.

Nanga n'cifukwa ciani cizolowezi cobwera cazika mizu msanga cotere? Cifukwa coyamba n'cakuti m'tauni acibale ali kutali. Mtsikana wogwira nchito mu Ndola angakhale kuti amake ali ku Katete, azakhali ake ali ku Lusaka, ndipo anthu amene amaonana nao tsiku ndi tsiku ndi a kunchito. Iwo ndiwo asanduka abale ake.

Cifukwa caciwiri acidziwa bwino anthu amene anakulira ku Wusakile, ku Chamboli kapena ku Mindolo. M'masiku a ZCCM, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1982, mgodi unali kusamala banja la wanchito kuyambira pa kubadwa kufikira ku manda. Panali zipatala ndi makiliniki a mgodi, nyumba, madzi ndi magetsi, ndipo ngakhale matewera a mwana wobadwa kumene anali kuperekedwa. Pamene kugulitsa migodi kunatsirizika mu 2000, zambiri mwa zimenezi zinapita. Katundu amene anali kusenza mgodi anagwera pa mutu wa banja, ndipo banja likalephera, amagwera pa anzake a kunchito, a kuchalichi ndi a m'cilimba. Masiku ano mai wopita kukacira nthawi zambiri amanyamula yekha zitenje, ndowa, thonje ndi zina zofunika pobereka. Conco kusonkherana kwa mu ofesi si masewera cabe ai. Kukutseka dzenje limene linasiyidwa.

Tsopano tione cimene lamulo likunena. Lamulo lakale la zanchito linali kupatsa mai chuthi ca milungu 12. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lochedwa Employment Code Act, ndipo chuthi ca ucembere cinakwera kufika pa milungu 14. Mwa milungu imeneyi, yosacepera 6 iyenera kutengedwa mwana atabadwa. Mai akabereka mapasa amaonjezeredwa milungu 4. Mwana akabadwa masiku osakwana, chuthi cimatalikitsidwa monga mmene dotolo walembera. Ngati pathupi papita padera m'miyezi itatu yomaliza, kapena mwana wabadwa wakufa, mai amene wagwira nchito kwa wolemba nchito mmodzimodziyo miyezi 12 mosalekeza ali ndi chuthi ca milungu 6 colipidwa. Wolemba nchito saloledwa kucotsa mai nchito cifukwa ca pathupi, ndipo chuthi cikatha mai ayenera kubwerera pa nchito yake, kapena pa ina yosacepa malipiro ndi zina zonse. Poyerekeza ndi anansi athu a ku Malawi, kumene lamulo la mu 2000 linaika milungu 8 kamodzi pa zaka zitatu, tinganene kuti tinapita patsogolo.

Koma m'lamulo lomweli muli mzere umodzi umene azimai ambiri amaudziwa mocedwa. Kuti mai alandire malipiro onse pa chuthi, ayenera kukhala atagwira nchito kwa wolemba nchito mmodzimodziyo miyezi 24 mosalekeza chuthico cisanayambe. Ngati miyezi sinakwane, chuthi adzapita, koma lamulo silikakamiza bwana kumlipira, pokhapokha ngati pangano lake la nchito kapena la bungwe la anchito likunena zoposa pamenepo.

Tiyeni tiyerekeze azimai awiri ogwira nchito m'cipinda cimodzi. Woyamba wakhala pa kampani zaka zisanu. Waciwiri analowa caka catha pa kontrakiti ya miyezi 12 imene yangoonjezeredwa kumene. Onse awiri acitiridwa baby shower, keke yofanana, mphatso zofanana. Woyamba adzalandira malipiro ake mwezi ndi mwezi ali kunyumba. Waciwiri angakhale miyezi itatu wopanda ngakhale ngwee imodzi, panthawi imene lendi, cakudya ndi ulendo wa ku sikelo zikufuna ndalama. Kodi adzatani? Adzabwerera kunchito msanga thupi lisanalimbe, kusiya khanda m'manja mwa kamtsikana kocokera kumudzi.

Vuto limeneli ndi lalikulu kuno kumigodi cifukwa nchito zambiri tsopano zili m'manja mwa makontrakita. Oyeretsa, alonda, ophika ndi ena otero kawirikawiri salembedwa ndi mgodi weniweniwo koma ndi kampani ina imene yapatsidwa nchito kwa kanthawi. Kontrakita akasintha, wolemba nchito wasinthanso, ngakhale mai akusesa khonde lomwe lija. Lamulo la mu 2015 linaletsa kusunga munthu ngati waganyu pa nchito yokhalitsa, komabe makontrakiti afupi sanathe.

Ndiye pali gulu lina limene ndilo lalikulu koposa, gulu losadziwa n'komwe kuti chuthi n'ciani. Awa ndi azimai ogulitsa ku Chisokone ndi ku Masala, oluka tsitsi, osoka zovala, ogulitsa salaula ndi ophika nsima m'misika. Azimai ambiri ogwira nchito m'dziko lino ali m'gulu limeneli. Iwo alibe bwana wowalipira. Tsiku limene sanatsegule thebulo ndi tsiku limene ana agona ndi njala. N'cifukwa cake timaona mai atabereka khanda la milungu iwiri kumbuyo ali pa dzuwa kugulitsa tomato.

Muzu wa vutoli uli pa funso lakuti ndani amalipira. M'dziko lino malipiro a chuthi ca ucembere amacoka m'thumba la wolemba nchito yekha. Kampani yaikulu ingathe, koma taganizirani mwini sitolo wa anchito asanu mu Ndola. Iye ayenera kulipira mai amene ali kunyumba ndi kulipiranso womgwirira malo. Zotsatira zake tonse tizidziwa ngakhale sizilembedwa: mtsikana wongokwatiwa kumene akapita kukafuna nchito amayang'anidwa pamimba asanayang'anidwe mapepala ake. Ena amabisa pathupi ndi malaya otaya kuopa kuti kontrakiti siidzaonjezeredwa. Lamulo lofuna kuchinjiriza mai limasanduka cifukwa comkanira nchito.

Bungwe loona zanchito pa dziko lonse la ILO linaona vuto limeneli kalekale. Pangano lake la nambala 183 la mu 2000 limanena kuti chuthi cisacepere milungu 14, kuti mai alandire ndalama zosacepera magawo awiri mwa atatu a malipiro ake, ndiponso kuti ndalamazo zicokere ku thumba la onse kapena la boma. Maiko ena a kuno kwathu anatsata njira imeneyi. Ku South Africa wanchito amadulidwa 1 peresenti, bwana naye amaika 1 peresenti ku thumba la UIF, ndipo mai akapita pa chuthi amakatenga ndalama kumeneko. Kuyambira mu 2003 ngakhale anchito a m'nyumba analowetsedwa m'thumba limeneli. Ku Namibia ndi ku Tanzania mabungwe osunga ndalama za anchito amalipiranso za ucembere.

Ife njira yosonkhera ndalama tili nayo kale. Mwezi uliwonse anchito amadulidwa ndalama za NAPSA, ndipo kutsatira lamulo la mu 2018 amadulidwanso za NHIMA zothandiza kucipatala. Cosowa ndi thumba lolipira mai pa miyezi imene sakugwira nchito cifukwa ca ucembere. Thumba lotere likanakhalapo, amuna ndi akazi omwe akanasonkha pang'onopang'ono, bwana sakanakhalanso ndi cifukwa coopera kulemba mkazi, ndipo miyezi ikanawerengedwa potsata zimene munthu wasonkha, osati potsata dzina la kampani. Kunena zoona, maganizo ake ndi omwe aja a baby shower: ambiri kusonkhera mmodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti thumba siliyang'ana nkhope. Mu ofesi amene amacitiridwa phwando lalikulu ndi wodziwika ndi wokondedwa, pamene mai wosesa amapita pa chuthi popanda womufunsa.

Palinso nkhani ya kuyamwitsa. A zaumoyo, pamodzi ndi bungwe la WHO, amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6. Koma milungu 14 ndi masiku 98 cabe, ndipo mai amene anayamba chuthi mwezi umodzi asanacire amabwerera kunchito mwana ali ndi miyezi iwiri ndi masiku ocepa. Lamulo limampatsa ola limodzi patsiku loyamwitsa, kapena mphindi 30 kawiri, kufikira mwana atakwana miyezi 6, popanda kudula malipiro. Koma kwa mai wokhala ku Chimwemwe kapena ku Lubuto wodalira minibasi, ola limodzi limathera panjira. Olemba nchito akanacita bwino kulola maiyo kuweruka msanga ndi ola limenelo, kapena kukonza kacipinda koyera kofinyiramo mkaka.

Nao azibambo asaime patali ngati kuti nkhaniyi ndi ya azimai okha. Lamulo la mu 2019 limapatsa bambo amene wagwira nchito miyezi 12 masiku 5 a chuthi mwana akabadwa. Ndi ocepa, komabe angati amawatenga? Ndipo mwa amene amawatenga, angati amakhaladi panyumba kutunga madzi ndi kucapa matewera, osati kukakondwerera mwana ku bawa?

Tsono inu okonza maphwando a kunchito, pitirizani, koma muonjezereko nzeru. Yambani mwafunsa mwini wake ngati akufuna phwando, pakuti ena mwambo wao kapena zimene zinawaonekera kale siziwalola kusangalala mwana asanabadwe. Otere mungawapitire kunyumba mwana atatuluka m'cikuta. Musakakamize munthu kusonkha ndalama imene alibe, ndipo musasankhe wocitira phwando potsata udindo. Koposa zonse, keke isanadulidwe, wina akhale pansi ndi maiyo awerenge naye miyezi imene wagwira, aone kuti kalata ya dotolo yaperekedwa, ndi kuti tsiku loyamba chuthi, tsiku lobwerera ndi za malipiro zalembedwa pa pepala. Pakabuka vuto, ofesi ya Labour ilipo mu Kitwe ndi mu Ndola momwe.

Kwa atsogoleri a mabungwe a anchito, amene mbiri yao inayambira kuno kumigodi, pempho ndi lakuti pokambirana ndi mabwana asamangoyang'ana za kukweza malipiro. Afunsenso za miyezi 24 ija ndi za thumba la ucembere. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo nao tiwafunse mafunso omwewa akabwera kudzapempha mavoti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limeneli lalemera kwambiri kuti tilisiyire anzake asanu a mu ofesi ndi kambale kao kosonkhera.