Tisanakwere Boti pa Chilwa, Ndani Anamuyesa Wowotcherera?

Tchuthi chathachi ndinapita kwathu ku Phalombe, ndipo amalume anandipempha kuti ndiwaperekeze panyanja ya Chilwa kukatenga matemba kwa asodzi a m'zimbowera. Tinanyamuka padoko la Swang'oma m'mamawa pa boti lawo lamatabwa. Kumbuyo kwa botilo kuli injini yomwe imakhala pa chitsulo chochita kuwotcherera. Pobwerera mphepo inayamba, boti likudumphadumpha pamafunde, kenako tinangomva kuti thyo! Chitsulo chija chinathyoka pamsoko penipeni. Injini inapulumuka chifukwa cha chingwe chomwe amalume amaimangirira. Tinalimo anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo amayi awiri a ana kumsana. Tinafika kumtunda dzuwa litalowa, tikukankha boti ndi nsungwi.

"Iwe mphwanga, si paja ukuphunzira za zitsulo? Taona apa, chalakwika n'chiyani?" anatero amalume.

Ndinachiyang'ana. Pamwamba msokowo unali wokongola, wandondomeko ngati mamba a nsomba. Koma m'kati, pafupifupi theka la zitsulo ziwirizo silinasungunuke n'kugwirana. Munali timabowo tambirimbiri, komanso dzimbiri losonyeza kuti mng'alu unayamba kalekale. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene anawotcherera chitsulocho sindikumunyoza. Ndi bambo wolimbikira, amene mageti ndi mafelemu ake a mawindo ali m'nyumba zambiri kwathuko. Mfundo yanga ndi iyi: aliyense wowotcherera chitsulo chomwe chinyamule miyoyo ya anthu pamadzi ayenera kuyesedwa, ndipo choyesedwacho chikhale msoko wotuluka m'manja mwake, osati pepala lomwe analipachika pakhoma kapena zaka zomwe wagwira ntchito.

Ine ndemwe phunziroli ndinalilandira mwamanyazi. M'chaka changa chachiwiri cha uinjiniya ndinawotcherera zitsulo ziwiri mu wekishopu, anzanga n'kumayamikira kuti ndili ndi dzanja. Titadula kachidutswa n'kukapinda pamakina, kanang'ambika pamsoko kasanafike n'komwe theka la kupindako. Maso ananama, makina ananena zoona.

N'chifukwa chake m'makampani opanga sitima zapamadzi ndi olumikiza mapaipi a mafuta kapena nthunzi amayesa zinthu ziwiri mosiyana. Choyamba ndi njira yowotcherera. Amalemba mtundu wa chitsulo, kuchindikala kwake, mtundu wa marodi, mphamvu ya magetsi ndi kasongoledwe ka m'mphepete mwa zitsulozo. Akatero amawotcherera chitsanzo, n'kuchikoka mpaka chiduke, china n'kuchipinda, ndipo zotsatira zake amazisunga. Njirayo ikapambana, pepala lake, lomwe amalitcha WPS, ndi limene aliyense amatsatira. Chachiwiri ndi munthu mwiniwake: kodi dzanja lake lingathe kutsatira njirayo n'kutulutsa msoko wopanda chilema? Malamulo odziwika kwambiri pa izi ndi ASME Section IX ya ku America ndi ISO 9606. Wopambana mayeso chitsulo chili chogona patebulo saloledwa kuwotcherera choimirira kapena cha pamwamba pa mutu mpaka atayesedwanso. Pa mapaipi, mayeso ovuta ndi a 6G, pomwe paipi imakhazikidwa mopendekeka madigiri 45 ndipo suitembenuza. Chinanso, chiphasocho si chamuyaya. Munthu akatha miyezi isanu ndi umodzi osagwira ntchito ya mtunduwo, chimatha mphamvu, pakuti dzanja limaiwala.

Malamulowa analembedwa anthu atalira maliro. Pa 27 Marichi 1980, nsanja yogonapo anthu okumba mafuta yotchedwa Alexander L. Kielland inagubuduzika panyanja ya North Sea, kudera la dziko la Norway. Mwa anthu 212 omwe analipo, 123 anafa. Ofufuza anapeza kuti mng'alu unayambira pa kamsoko ka mamilimita 6 okha, komwe kanagwiriziza kachipangizo kakang'ono pa chimodzi mwa zitsulo zochirikiza nsanjayo. M'kati mwa mng'aluwo munapezeka penti, kusonyeza kuti chilemacho chinalipo chimangire nsanjayo. Kamsoko komwe aliyense akanati n'kosafunika ndi komwe kanapha anthu.

Mwina wina anganene kuti zimenezo ndi za kunja. Koma kuno kwathu ntchito ya zitsulo zapamadzi si yachilendo. Sitima ya Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, inabwera m'zidutswa kudzera ku Mozambique, n'kulumikizidwa m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ndipo inayamba maulendo mu 1951. Kuti sitima yotere ikhale ikuyendabe patatha zaka zoposa 70, ndiye kuti ku Monkey Bay kwakhala kuli amisiri odziwa kusamalira chitsulo. Luso lilipo m'dziko muno. Vuto n'lakuti silinafike ku Chilwa, komwe maboti ndi aang'ono koma okwera ndi ambiri.

Ndikudziwa zomwe ena angatsutse, chifukwa amalume anandiuza zonsezo usiku womwewo. Choyamba, akuti Chilwa ndi nyanja yosaya, moti inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi pomwe kale pankadutsa maboti. N'zoona. Koma madzi akadzadza, mamita awiri ndi okwanira kumiza munthu, makamaka pansi pali thope lomira miyendo, mwana ali kumsana. Komanso poti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, madzi ake ndi amchere, ndipo mchere ukalowa m'timabowo ta msoko dzimbiri limadya chitsulo mofulumira. Onjezanipo kunjenjemera kwa injini tsiku ndi tsiku, kamene kamakulitsa mng'alu pang'onopang'ono mpaka tsiku la mphepo.

Chachiwiri ndi chachikulu: akuti mayeso ndi okwera mtengo, ndipo angochotsera anthu osauka ntchito, n'kuipereka kwa ife a mapepala. Nkhawa imeneyi ndikuimva. Ngati kuyesedwa kungatanthauze ulendo wa ku Blantyre, ndalama zolembetsera ndi mafunso a m'Chingerezi, inenso ndingakane. Koma sindikupempha makina ounikira m'kati mwa chitsulo kuti abwere padoko. Pali mayeso amodzi ovomerezeka omwe amangofuna tizitsulo tiwiri, vayisi ndi hamala. Munthu amawotcherera tizitsuloto mbali imodzi yokha mooneka ngati chilembo cha T, kenako mumathyola msokowo n'kuona m'kati. Ngati moto unalowa mpaka pangodya, zimaoneka. Ngati munatsalira makoko kapena timabowo, zimaonekanso. Ngakhale amene sanapite kusukulu amaona yekha ndi maso ake.

Ndipo zambiri zomwe zimalepheretsa msoko si ulesi. Marodi osungidwa pachinyontho amabweretsa timabowo. Jenereta yofooka imachititsa kuti chitsulo chochindikala chisasungunuke bwino. Kuwotcherera pamwamba pa dzimbiri, penti kapena mafuta kumaononga msoko. Kusasongola m'mphepete ndi gulainda kumasiya m'kati mosagwirana. Zonsezi mmisiri wozolowera ntchito angazikonze pa masiku ochepa, wina atangomuonetsa msoko wake utathyoledwa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bungwe la TEVETA, lomwe lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ligwirizane ndi nthambi ya boma yoona za maulendo apamadzi kuti kamodzi pachaka alangizi azibwera kumadoko a Chilwa kudzayesa owotcherera, m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, pamtengo woti munthu angakwanitse. Wopambana alandire kakhadi konena mtundu wa ntchito yomwe wayesedwa ndi tsiku lodzayesedwanso. Wolephera aphunzitsidwe n'kuyesanso, osati kulandidwa makina. Makomiti a m'madoko, omwe kale amayang'anira za usodzi, asunge mayina a oyesedwawo kuti mwini boti adziwe kopita. Mageti ndi mbaula aliyense apitirize kupanga. Lamuloli likhudze zokhazo zomwe zikathyoka munthu angamire: chokhazikapo injini, chiwongolero, ndi boti lililonse lachitsulo.

Nafenso ophunzira tili ndi gawo. Timasaka mitu ya kafukufuku wa chaka chomaliza pa intaneti, pomwe pepala limodzi lofotokoza m'Chichewa kawotchereredwe ka chitsulo chonyamula injini, loyesedwa bwino mu wekishopu, lingathandize madoko onse kuyambira ku Swang'oma mpaka ku Kachulu.

Mawa lake tinabwerera kwa mmisiri uja ndi chitsulo chothyokacho. Ndinkaopa kuti akwiya kuona mwana wasukulu akuwaphunzitsa ntchito. Anachitembenuza kangapo, ali chete, kenako anati, "Achimwene, zaka zonsezi palibe anandibweretserapo chothyoka kuti ndione m'kati. Amangopita kwa wina." Tinawotcherera tizitsulo titatu n'kutithyola. Koyamba ndi kachiwiri kanali ndi chilema. Atasongola m'mphepete, kukweza moto ndi kutsegula paketi ya marodi ouma, kachitatu kanatuluka koyera mpaka pangodya. Atatero m'pamene anawotcherera cha amalume.

Sabata yamawa amalume anyamulanso anthu. Chitsulo chawo ndikuchikhulupirira. Maboti ena onse omwe ali padoko paja, palibe amene anaonapo m'kati mwa misoko yake.