Ndiwo zibwerere kuseri kwa nyumba

Nkhani ya njala ikabuka m'dziko muno, aliyense amathamangira ku chimanga. Aphungu amafunsa za matumba amene atsala m'nkhokwe za ku Kanengo, mawailesi amalengeza mtengo wa ndowa, ndipo boma limawerenga anthu oti alandire feteleza wotsika mtengo. Chiyambire ndondomeko ya sabuside mu 2005, yomwe mu 2020 inasanduka AIP, gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likuthera pa mbewu imodziyi. Koma nsima siyenda yokha. Mayi amene akukoleza mbaula ku Mtandire kapena ku Mbayani madzulo ano ali ndi funso lomwe silimveka m'Nyumba ya Malamulo: ndiwo zichokera kuti?

Funsoli lakula m'zaka zapitazi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Tomato, kabichi ndi anyezi amene amadyedwa m'mizinda amayenda ulendo wautali kuchokera ku Lizulu, Tsangano, Bembeke, Jenda ndi Bvumbwe, kotero mafuta akakwera kapena akasowa, mphika umamva tsiku lomwelo. Ogulitsa pamsika amadziwa kuti wogula alibe ndalama yowonjezera, choncho nthawi zambiri mtengo amausiya pomwepo n'kuchepetsa katunduyo. Kamtolo ka mpiru kamene kankakwanira banja lonse lero kali ndi masamba owerengeka, ndipo mulu wa tomato wataya mutu wake. Banja limathira madzi ambiri mumphika kuti msuzi ufikire aliyense.

Zotsatira za kuchepa kwa ndiwo zimaoneka pa sikelo ya ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ambiri mwa anawa amadya ndithu, koma amadya chinthu chimodzimodzi tsiku lililonse. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo atatu mwa maguluwa, masamba, zipatso ndi nyemba, amatha kumera pa malo ochepa kwambiri pafupi ndi khomo.

Apa ndi pamene munthu wa m'tauni amayankha kuti malo alibe. Kwa ena n'zoona, makamaka okhala m'nyumba za mdadada momwe mabanja angapo amagwiritsa bwalo limodzi. Komatu munthu akayenda m'mawa ku Area 25, ku Chilomoni kapena ku Chibavi amaona nthaka yambiri imene ikungogona. Amaona mwana atagwira tsache akusesa bwalo mpaka dothi kuuma gwa, masamba a mango ndi makoko a nthochi ataunjikidwa pakona n'kuyatsidwa moto. Usiku mvula ikagwa, madzi amathamanga pabwalo lopanda kanthulo kukagwera mu ngalande, atanyamula dothi lapamwamba. Mwambo wosesa uli ndi chifukwa chake, poti umathamangitsa njoka ndipo khomo limaoneka la munthu waukhondo. Koma kusesa bwalo lonse, kuyambira kumaso mpaka kuseri, ndiko kutaya manyowa amene nyumba imapanga yokha mwaulere, kenaka n'kumadandaula mtengo wa feteleza.

Ngakhale wokhala pa simenti ali nayo njira. Thumba lakale la makilogalamu 50 limaimikidwa pamalo ofika dzuwa, pakati pake n'kuikapo chitini chobowola mbali zonse ziwiri. M'chitinimo mumathiridwa timiyala, m'mbali mwake dothi losakaniza ndi manyowa, ndipo chitinicho chimakwezedwa pang'onopang'ono mpaka thumba litadzaza, timiyala titapanga mzere woongoka kuchokera pansi kufika pamwamba. Mzerewo ndiwo umatsitsa madzi kuti afike mizu yonse. Kenaka m'mbali mwa thumba mumabowoledwa timabowo motalikirana ngati chikhatho, ndipo mbande za mpiru kapena repu zimalowetsedwa m'menemo, pamwamba n'kudzalapo anyezi kapena tsabola. Thumba limodzi limatenga mbande zochuluka kuposa zimene malo amene laimapo akanatenga, ndipo tsiku losamuka limakwera nawo galimoto pamodzi ndi mipando.

Chodzala n'chiyani? Apa m'pamene anthu ambiri amapunthwa. Amayamba ndi tomato ndi kabichi chifukwa ndi zimene zimaoneka zapamwamba, koma izi ndi mbewu zovuta. Tomato amagwidwa chiwawu nthawi ya dzinja, ndipo kambozi ka Tuta absoluta kamene kamaboola masamba ndi zipatso kasautsa ngakhale alimi akuluakulu. Woyamba kumene akaona mbewu zake zafota amataya mtima n'kunena kuti dzanja lake si la dimba.

Pamene akudandaula choncho, bonongwe ali pambali pa dzala, wamera yekha.

Ndiwo zamakolo zanyozeka kwa nthawi yaitali, ngati kuti kudya chisoso kapena luni m'tauni ndi chizindikiro choti zinthu zavuta pakhomo. Uku n'kudzimana. Bonongwe amathyoledwa patangotha masabata atatu kapena anayi chifesereni, amapirira kutentha kwa October pamene repu walefuka, ndipo akasiyidwa kuti akhwime amapereka mbewu ya chaka chamawa popanda kupita ku sitolo. Dzungu limodzi lodzalidwa pafupi ndi mpanda limayanga n'kumapereka nkhwani kwa miyezi, kenaka maungu, kenaka nthanga. Khobwe amapereka chitambe asanabale. Mbatata ya kholowa imamera ngakhale m'beseni lobooka, ndipo mitundu yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Kaphulira ili ndi vitamini A wambiri, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha thupi la mwana. Denje ndi therere safuna ulemu uliwonse. Pa Never Ending Food ku Chitedze, Stacia ndi Kristof Nordin akhala zaka zambiri akusonyeza alendo mitundu mazanamazana ya zomera zodyedwa za m'dziko muno, zambiri mwa izo zomwe agogo ankazidziwa maina koma adzukulu amazizula ngati udzu. Mpiru, repu ndi tchayinizi zili ndi nyengo yake, miyezi yozizira ya May mpaka July, ndipo zikawokeredwa kuchokera ku nazale nthawi imeneyo zimachita bwino popanda mankhwala ambiri.

Vuto lenileni ndi madzi, ndipo wolimbikitsa madimba amene salitchula sakunena zoona. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry n'kukwezedwa mtunda wautali ndi magetsi, choncho sangakhale otsika mtengo, ndipo wogula pa kiyosiki amawerenga chigubu chilichonse. Kuthirira bedi lalikulu ndi madzi a mpope kungadye ndalama zoposa mtengo wa ndiwozo. N'chifukwa chake dimba la m'tauni liyenera kukhala laling'ono ndiponso lomwa madzi amene agwira kale ntchito ina. Madzi otsukira mpunga, otsukira ndiwo ndi otsukuluzira mbale angapite pa bedi. A kubafa, m'malo mopanga chithaphwi choswera udzudzu, angalondoleredwe ndi kangalande kupita pa phando la nthochi kapena pa mtengo wa papaya. Amene ali ndi mankhwala amphamvu oyeretsera zovala asafike pa mbewu, ndipo madzi alionse ogwiritsidwa kale ntchito azithiridwa pa dothi, osati pa masamba. Bedi likaphimbiridwa ndi udzu wouma kapena masamba aja ankawotchedwa, chinyontho chimakhalitsa ndipo keni imodzi imagwira ntchito ya makeni awiri.

Palinso phindu lina losaoneka ndi maso. Wogula pamsika sadziwa ngati ndiwo zake zinathiriridwa ndi madzi a m'chitsime kapena a mu Mudi, mtsinje umene umalandira zonyansa zambiri za mu Blantyre. Sadziwanso ngati zinapoperedwa mankhwala dzulo lake. Dziko limene linataya anthu oposa 1,700 ku kolera wa 2022 ndi 2023 siliyenera kuiona nkhaniyi mopepuka. Wa dimba lake amadziwa chimene chagwera pa tsamba lililonse, ndipo nsabwe zikabwera amayamba ndi phulusa, madzi a tsabola kapena masamba a nimu onyika asanaganize za botolo la m'sitolo.

Za chonde, alimi a kumudzi ayamba kale kutsogolera. Manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, madeya, phulusa, madzi ndi feteleza pang'ono n'kuzitsekera m'thumba kwa masabata atatu, afala chifukwa thumba la feteleza lafika posagulika. Kuseri kwa nyumba sikufunika zochuluka choncho. Dzenje laling'ono lotayamo makoko, phulusa la m'mbaula ndi zitosi za nkhuku limakwanira mabedi awiri. Nkhuku zomwezo ndi mbuzi za aneba zimafuna mpanda, wa udzu kapena nsungwi, ndipo neti yotchingira ikhale yakale yong'ambika, osati imene ana ayenera kugonamo.

Zokolola zikachuluka mu February, nzeru ya mfutso ilipo kale. Masamba amawiritsidwa pang'ono, kuyanikidwa n'kusungidwa, kale m'chikwatu, lero m'chidebe chotseka bwino. Akatulutsidwa mu October n'kutenderedwa ndi nsinjiro, mphika umanunkhira pamene msika uli gwa.

Palibe amene akunena kuti thumba la mpiru lingalowe m'malo mwa munda. Banja lidzagulabe ufa, mchere ndi mafuta. Koma ndalama ya ndiwo ndi imene imatuluka m'chikwama tsiku lililonse, ndipo ikapulumuka masiku anayi pa sabata imasanduka sopo, makope kapena mazira a mwana. Komanso zazikulu zina zinayamba motere. Tikondwe Freedom Gardens ya ku Dowa, imene Glyvyns Chinkhuntha anaiyamba mu 1982 pa kamalo kakang'ono konyowa, inakula mpaka kukhala sukulu imene alimi ndi akatswiri amapitako kukaona ulimi wothirira wopanda injini ndi wopanda feteleza wa m'sitolo.

Chotsala ndi chakuti akuluakulu asatsekereze njira. Makhonsolo a mizinda akhala akuletsa chimanga chodzalidwa m'mbali mwa misewu, ndipo pa zifukwa za chitetezo ali ndi mfundo, koma afotokoze momveka kuti bedi la ndiwo mkati mwa mpanda ndi lololedwa, kuti anthu asamaope. Alangizi a zaulimi, amene ntchito yawo imathera kumudzi, azifikanso ku Ndirande ndi ku Kauma, pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 16 mwa 100 alionse amakhala m'matauni, ndipo nawonso amadya. Sukulu za pulaimale zimaphunzitsa ulimi pa bolodi pamene kuseri kwa kalasi kuli fumbi lokhalokha.

Pempho lalikulu lipite kwa eni nyumba za lendi. Ambiri amathira simenti bwalo lonse kapena kuletsa wobwereka kukumba ngakhale dzenje limodzi, poopa kuti khoma linyowa kapena malo aoneka auve. Bedi lotalikirana ndi maziko siliwononga nyumba, ndipo wobwereka amene sakugula ndiwo tsiku lililonse savutika kwambiri kupeza lendi mwezi ukatha. Mvula isanagwe chaka chino, alandilodi apimire banja lililonse mamita awiri a dothi kuseri kwa nyumba, kapena alole matumba atatu kuima pafupi ndi khomo.