Netiweki ikadzagwanso ku Durban, ma drone adzaime pomwe tili ife

Abale ndi alongo a pamsewu, tonse tikukumbukira Epulo 2022. Mvula itakhuthuka ku Durban anthu oposa 400 anamwalira, ntchito padoko inaima, ndipo msewu wa Bayhead wolowera kudoko unakokoloka. Vodacom inati nsanja zake zoposa 400 zinakhudzidwa, MTN inati zoposa 500, makamaka chifukwa magetsi anathima ndipo zingwe zinaduka. Kwa ife foni ndiye ofesi. Netiweki ikachoka ejenti sapezeka, mwini katundu sadziwa komwe kontena ili, ndipo kumudzi mayi a ana sagona tulo.

Njira yothandizira ilipo. Mu 2017 chimphepo cha Maria chitasakaza Puerto Rico, kampani ya AT&T inaulutsa drone yonyamula zida za netiweki, yolumikizidwa ku chingwe chomwe chinkaipatsa moto kuchokera pansi. Ikakwera, siginolo imadutsa pamwamba pa nyumba ndi mitengo. Kwathu ku Malawi, chaka chomwecho boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo kufikitsa netiweki kumalo ovuta kufikako chinali chimodzi mwa zolinga zake.

Nkhani yagona pa malo oimikapo. Drone imodzi singafikire mzinda wonse. Zipatala ndi opulumutsa anthu akhale patsogolo, pamenepo sititsutsa. Koma akatero, atikumbukire ife amene timagona m'mathiraki pa Bayhead, m'madepoti ndi m'mbali mwa N3. Chakudya, mankhwala ndi mafuta zimasuntha dalaivala akamva kuti njira yatseguka ndi iti. Mabungwe athu a madalaivala ndi a mageni akaitule nkhaniyi kwa makampani a mafoni ndi Transnet panopa, ngozi isanagwe.

Komabe tisadzinamize. Drone siuluka mphepo ili pachimake, imabwera mvula itakata. Maola oyambawo tidzakhala tokha. Choncho yendani ndi ma SIM awiri a makampani osiyana, ndipo power bank ikhale yodzaza. Nambala za ejenti, bwana ndi akunyumba zilembeni papepala. Mapu a Durban ndi N3 asungeni mufoni kuti azitseguka popanda data. Sungani ma rand angapo m'thumba, chifukwa makina a khadi nawonso amadalira netiweki. WhatsApp ikakana yesani SMS, kawirikawiri imadutsa.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yendani bwino, Mulungu akutsogolereni.