ZOLEMBA ZA ALENDO ZIFIKE KWA ENI NKHANI

Kuyambira m'chaka cha 1963, pamene achinyamata odzipereka a bungwe la Peace Corps anayamba kufika m'dziko muno kuchokera ku America, ena mwa iwo alemba mabuku onena za Malaŵi. Wotchuka koposa ndiye Paul Theroux, amene anaphunzitsa ku Soche Hill mpaka 1965. Komatu mabuku ake, monga Dark Star Safari la 2002, analembedwa m'Chingerezi poganizira oŵerenga a ku London ndi New York. Mlimi wa ku Golomoti sadziŵa n'komwe zimene dziko lapansi linauzidwa za iye.

Jack Allison anatsata njira ina. Ali ku Nsiyaludzu cha m'ma 1967, anaphunzira Chichewa napeka nyimbo ya "Ufa wa Mtedza", yolangiza amayi kuthira nsinjiro m'phala la ana. Wailesi ya MBC inaiulutsa kaŵirikaŵiri, kotero uthengawo unafika ngakhale kwa amayi amene sanapondeko m'kalasi.

Ku Mua, kufupi ndi Golomoti, wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, anakhazikitsa malo a chikhalidwe a Kungoni m'chaka cha 1976. Buku lawo lofotokoza Gule Wamkulu, la 2012, n'lozama ndithu, koma nalonso linatuluka m'Chingerezi.

Mabungwe otumiza alendo odzipereka ayenera kupatula ndalama zomasulira mabuku otere m'Chichewa, ndipo makope oyamba aperekedwe kusukulu za ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka.